Moto wopanda lawi: mmene mankhwala a m'mafakitale amawotchera munthu

Pa 27 Sepitembala 2012, kutatsala masiku atatu kuti anthu a ku South Korea achite Chuseok, chikondwerero chawo cha zokolola, thanki yaikulu inali itaima pabwalo la fakitale ya Hube Global mumzinda wa Gumi. M'thankimo munali hydrogen fluoride, mankhwala omwe akakumana ndi chinyezi amasanduka asidi wotchedwa hydrofluoric acid, yemwe anthu a m'mafakitale amangomutchula kuti HF. Amuna awiri anakwera pamwamba pa thankiyo kukonzekera zotsitsa mankhwalawo. Kamera ya pamalopo inawajambula, ndipo woonera kanemayo amaona msanga kuti sanavale zodzitetezera zoyenera ntchito yotere. Nthawi itatsala pang'ono kukwana 4 koloko madzulo, valavu inatseguka paipi isanalumikizidwe bwino. Nthunzi yoyera inatumphuka n'kuwakwirira onse awiri, osaonekanso.

Anthu 5 ogwira ntchito pafakitalepo anamwalira. Matani pafupifupi 8 a mankhwalawo anapita mumlengalenga, mphepo n'kuwakankhira kumidzi yoyandikana nayo. Patangopita masiku ochepa, mpunga ndi mitengo ya zipatso zinafota ngati zawauka ndi moto wolusa, ziweto zinayamba kudwala, ndipo anthu masauzande anakhamukira kuzipatala akudandaula maso, pakhosi ndi zotupa pakhungu. Pa 8 Okutobala boma linalengeza kuti deralo lagweredwa tsoka lapadera.

Chomwe chinapha anthu amenewa sichinali moto, komabe madokotala amati anapsa. Mawuwa ndi oona, koma amasocheretsa. Tikamva zoti munthu wapsa timaganiza za phala lotentha kapena mbaula, ndiye timadziona ngati tikudziwa chochita. Kupsa ndi mankhwala kuli ndi malamulo akeake, ndipo ambiri amene amalumala nako amalumala chifukwa iwo eni, anzawo kapena mabwana awo anakuyesa kupsa wamba.

Ukakhudza mphika wotentha, dzanja limathawa lokha usanaganize n'komwe. Wachoka pamoto, kuwotcha kwatha, chotsala ndi kuziziritsa ndi kusamala chilondacho. Mankhwala sachita choncho. Amakhalira pakhungu pomwepo, amalowa m'nsalu ya ovololo, amatsikira m'nsapato, amabisala pansi pa wotchi kapena mphete, ndipo amapitiriza kudya mnofu mpaka wina atawachotsa kapena mphamvu yawo itathera m'thupi la munthuyo. Kukula kwa bala kumadalira mtundu wa mankhwalawo, mphamvu yake, malo amene agwera ndi nthawi imene akhala pakhungu. Ngozi ikangochitika, zitatu zoyambazo zapita kale. M'manja mwa anthu mumangotsala nthawi.

Asidi ndi alikali

Akatswiri amayeza ukali wa mankhwala pa sikelo yotchedwa pH, yoyambira pa 0 kulekeza pa 14. Madzi abwinobwino amakhala pa 7. Kutsika m'munsi ndiye maasidi: madzi a mandimu ali cha pa 2, asidi wa m'batire la galimoto ali cha pa 1 kapena kutsikirapo. Kukwera m'mwamba ndiye maalikali: simenti yonyowa imafika pa 12 kapena 13, kositiki soda wopangira sopo amagunda 14. Sitepe iliyonse pa sikeloyi ndi kuwirikiza ka 10, choncho mankhwala a pa 13 ndi aukali kuwirikiza ka 100 poyerekeza ndi a pa 11, ngakhale manambalawo akuoneka oyandikana.

Ambiri timaopa asidi kwambiri chifukwa dzina lake n'lomveka. Asidi wamphamvu, monga sulphuric acid amene amagwira ntchito popanga fetereza ndi posungunula miyala ya kopa, amaumitsa mnofu ngati mmene dzira limalimbira likagwera m'chiwaya. Pamwamba pamapangika nkhanambo yolimba, yakuda kapena yofiirira. Nitric acid amasiya yachikasu. Ululu wake ndi wa nthawi yomweyo, munthu amakuwa, anzake amathamanga. Nkhanambo ija, ngakhale ndi yoopsa poiona, imachedwetsako asidi wotsala kuti asalowe mkati msanga.

Alikali ndi wachinyengo. Aliyense amene anaonapo amayi akuthira chidulo mu therere kapena m'nkhwani akudziwa ntchito yake: masamba amafewa, amasungunuka, ndiwo zimaterera. Chidulo ndi alikali wofooka wochokera m'phulusa. Kositiki soda amachita zomwezo kuthupi la munthu, koma ndi mphamvu yoposa pamenepo kutalitali. Amasungunula mnofu, ndipo mafuta a pakhungu amawasandutsa sopo, mofanana ndendende ndi zimene zimachitika m'chidebe cha wopanga sopo. Kuterera kumene umamva kositiki akakugwera pazala ndi khungu lako lomwe layamba kusanduka sopo. Popeza palibe nkhanambo yotchinga, amangolowabe kwa maola ambiri, ndipo poyamba ululu wake umakhala wochepa moti munthu amatha kupitiriza ntchito.

Anthu a ku Hungary anaziona zimenezi pa 4 Okutobala 2010. Pafupi ndi tawuni ya Ajka panali fakitale yoyenga bauxite, mwala wotulutsa aluminiyamu, womwe umapezekanso paphiri la Mulanje. Poyenga mwalawu amauphika mu kositiki soda, ndipo zotsala zake ndi matope ofiira omwe amasungidwa m'madamu akuluakulu. Tsikulo khoma la damu limodzi linagumuka. Matope okwana makiyubiki mita pafupifupi 1 miliyoni anasefukira kumudzi wa Kolontár ndi kutawuni ya Devecser, anthu 10 n'kumwalira, ena oposa 100 n'kuvulala. Matopewo anali ndi pH ya cha pa 13. Ambiri mwa ovulalawo anapsa chifukwa anayenda m'matopemo podzipulumutsa kapena populumutsa anzawo, zovala zonyowa zili m'thupi, akuyesa kuti ndi matope chabe. Madokotala anachenjeza kuti mabala ooneka aang'ono tsiku loyamba akhoza kudzazama pakapita masiku. Ndi nkhani ya mkuyu ija, kunja kosalala koma mkati muli nyerere.

Diso ndiye silipirira n'komwe. Ammonia, amene amagwira ntchito popanga fetereza ndi m'makina oziziritsira zinthu m'mafakitale, amatha kulowa mpaka mkati mwa diso mphindi imodzi isanathe. Pali chinthu china chimene madokotala a maso amachidziwa chomwe ife wamba tingachione mozondoka: diso lofiira psuu pambuyo pa ngozi yotere lili ndi chiyembekezo kuposa diso loyera mbee. Kuyerako kumasonyeza kuti timitsempha ta magazi tozungulira mbali yakuda ya diso tafa, ndipo m'mphepete momwemo ndi mmene mumakhala timaselo tomwe timakonzanso galasi la kutsogolo kwa diso. Timaselo timeneti tikafa, diso limachita chifunga chosachoka.

Asidi wanjala ya mafupa

Tibwerere kwa HF wa ku Gumi uja, chifukwa ameneyu satsata khalidwe la maasidi anzake. Dziko silingamusiye. Amafunika popanga mpweya wa m'mafiriji, popanga pulasitiki uja woletsa chakudya kumatirira m'ziwaya, poyenga petulo, posema magalasi, ndiponso pokonza tizipangizo ta mkati mwa foni ndi kompyuta.

Kwa akatswiri, HF amawerengedwa ngati asidi wofooka, ndipo kufooka kumeneko ndi kumene kumamupatsa mpata. M'malo mothera pamwamba n'kupanga nkhanambo, amadutsa khungu mwakachetechete. Akafika mkati amamasula fluoride, ndipo fluoride ali ndi njala ya kashiamu, mchere wa m'thupi umene umalimbitsa mafupa. Amamulanda m'maselo, m'mitsempha, m'fupa, kenako m'magazi. Mtima sungagunde bwino popanda kashiamu wokwanira m'magazi. Akatsika kwambiri umayamba kugunda mosokonekera n'kuima. N'chifukwa chake munthu amene wathiridwa HF wamphamvu pamalo okula ngati zikhatho ziwiri kapena zitatu basi akhoza kufa, bala lake lisakuoneka loopsa kwenikweni. Akapuma nthunzi yake, kuwotcha komweko kumachitikira kukhosi ndi m'mapapo, ndipo mapapowo amatha kudzaza madzi patapita maola, munthu ataoneka kale ngati wapulumuka.

Kuipa kwake kwina ndi kuchedwa kwa ululu. HF woposa 50 peresenti amapweteka pomwepo. Wa pakati pa 20 ndi 50 peresenti amatha kukhala chete kwa ola limodzi mpaka maola 8. Wochepera 20 peresenti, ngati amene amapezeka m'mankhwala ena ochotsera dzimbiri ndi otsukira malimu a galimoto, amatha kudikira mpaka maola 24. Taganizirani munthu amene golovesi yake inali ndi kabowo kosaoneka pachala. Waweruka, wakwera basi, wadya, wagona. Pakati pa usiku akudzidzimuka chala chikuwawa ngati wina akuchimenya ndi hamala, koma akachiyang'ana chili bwinobwino, mwina kutuwa pang'ono pansi pa chikhadabo. Akapita kuchipatala osatchula zomwe amagwira kuntchito, akhoza kungopatsidwa mapiritsi opha ululu n'kubwerera kunyumba. Pofika mawa lake asidi akuyandikira fupa.

Mankhwala ochizira bala lake alipo, ndipo si okwera mtengo: calcium gluconate wopaka, wa 2.5 peresenti. Ukatsuka ndi madzi ambiri kwa mphindi zingapo, umapaka n'kumatikita, kuti fluoride adye kashiamu wa m'mankhwalawo m'malo mwa wa m'thupi. Wopakayo naye avale magolovesi. Ululu ukachepa ndiye kuti mankhwala akugwira, n'chifukwa chake madokotala safulumira kuupha ndi jakisoni wa dzanzi, poti ululuwo ndi umene ukuwauza mmene zinthu zikuyendera. Bala likakhala lakuya amabaya kashiamu pansi pa khungu kapena mumtsempha, nthawi zina amachotsa chikhadabo, kwinaku akuyang'anira mtima pamakina.

Mu 1994, ku Perth m'dziko la Australia, bambo wina wogwira ntchito mu labotale yoyeza miyala anadzikhuthulira pantchafu HF wa 70 peresenti, wochuluka ngati kapu imodzi ya tiyi. Anachita zomwe aliyense wa ife angachite. Anadzithira madzi a m'paipi, kenako anadziponya m'dziwe losambiramo podikira ambulansi. Sanapakidwe calcium gluconate pamalopo. Patapita mlungu umodzi anamudula mwendo, ndipo patatha masiku 15 chichitikireni ngoziyo anamwalira. Nkhani imeneyi imandipweteka nthawi zonse ndikaikumbuka, chifukwa munthuyo sanachite ulesi kapena chibwana podzipulumutsa. Chomwe chinasowa chinali kachubu ka mankhwala komwe wina anayenera kukaika pafupi ngozi isanachitike.

Masekondi 10, mphindi 15

Kupatula mankhwala ochepa, thandizo loyamba ndi limodzi: madzi ambiri, msanga, kwa nthawi yaitali. Muyezo wa ku America wotchedwa ANSI Z358.1, womwe mafakitale a m'mayiko ambiri amatsatira, umati shawa ya ngozi ndi kampopi kotsukira maso zikhale pamalo oti wovulala afikepo m'masekondi 10, panjira yopanda zopinga, ndipo zitulutse madzi mosalekeza kwa mphindi zosachepera 15. Umatinso madziwo akhale ofunda pang'ono, pakati pa madigiri 16 ndi 38, ndipo shawayo izitsegulidwa mlungu uliwonse poiyesa. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi chifukwa chake. Munthu wothiridwa asidi m'maso saona, ndiye sangazungulire migolo kapena kusaka kiyi. Madzi ozizira kwambiri amamuthamangitsa pakangotha mphindi ziwiri. Mpopi umene sunatsegulidwe chaka chonse umayamba ndi kulavula dzimbiri, mwinanso sutulutsa kanthu.

Mphindi 15 ndi zoyambira chabe. Kositiki ndi maalikali ena amafuna theka la ola, ola lathunthu, ngakhale kuposa, ndipo kuchipatala amapitiriza kutsuka diso mpaka kapepala koyezera pH kataonetsa kuti lafika cha pa 7. Zovala zonse zokhudzidwa zimayenera kuchoka madzi akuthiridwa, ndipo ndi bwino kuzidula kusiyana ndi kuzivula modutsitsa kumaso. Apa manyazi amavulaza anthu, makamaka amayi ogwira ntchito pakati pa amuna. Fakitale yoganiza bwino imaika katani pa shawa ndi chofunda choyera pafupi. Diso nalo limadzitsekera lokha ndi ululu, ndiye pamafunika mnzako woti akukanulire zikope ndi zala zake.

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu a mtima wabwino amachita n'kuwonjezera vuto. Chimodzi ndi nzeru ya kusukulu yoti asidi amaphedwa ndi alikali, ndiye wina n'kuthamangira viniga kapena soda kuti athire pabala. Ziwirizi zikakumana zimatulutsa kutentha, ndipo nthawi yotayika pozisaka ndi imene madzi akanakhala akugwira ntchito. China ndi chizolowezi chathu chopaka dzira, mafuta ophikira kapena mankhwala otsukira mano pomwe munthu wapsa. Pa bala la moto weniweni n'zolakwika kale. Pa bala la mankhwala zimatsekera poizoni pakhungu.

Mankhwala ouma, monga laimu kapena kositiki wa ufa, amayamba asasidwa kaye, chifukwa madzi ochepa amawadzutsa. Akachoka ndiye pabwere madzi ambiri. Phenol, wopangira guluu ndi mapulasitiki ena, amachititsa dzanzi pomwe wagwera, sasungunuka bwino m'madzi, ndipo mafakitale omugwiritsa ntchito amasunga polyethylene glycol womupukutira. Zitsulo zina monga sodium zimayaka zikakhudza madzi. Zoterezi munthu sangazilote panthawi ya ngozi. Amayenera kuuzidwa tsiku loyamba kulowa pageti.

Amalume anga anagwirapo ntchito ku Joni, pafakitale ina yopanga mankhwala otsukira m'nyumba. Ntchito yawo inali yotsuka migolo ndi kudzaza zigubu. Tsiku lina kositiki wosungunula anadontha kuchokera papaipi n'kutsetsereka pamwendo wa ovololo. Iwo anali atapisa miyendo ya ovololoyo m'magambuti, monga timachitira popita kudimba, ndiye madziwo anatsikira m'gambuti momwemo. Anamva kunyowa ndi kuyabwa pang'ono, basi. Panali patatsala maola atatu kuti aweruke, ndipo kapitawo wawo anali munthu wosafuna kuona wina ataima.

"Mphwanga," anandiuza patapita zaka, akundionetsa phazilo pakhonde, "pomwe ndinkavula sokosi madzulo amenewo, khungu linatsala m'sokosimo."

Pamwamba pa phazi lawo pali chigamba cha khungu lonyezimira lomwe madokotala anasenda pantchafu. Palibe amene anawauzapo kuti mwendo wa ovololo umakhala kunja kwa gambuti, kuti chodontha chitsetsereke mpaka pansi. Ndi mawu ochepa chabe, osafuna ndalama, ndipo akanasunga phazi lawo. Shawa ya ngozi inalipo, iwo amatero, koma pansi pake ndi pomwe ankaunjikapo zigubu zopanda kanthu.

Wolakwa ndani?

Ngozi ikachitika, mawu oyamba kumveka amakhala akuti wantchito sanasamale. Nthawi zina n'zoona ndithu. Koma pali funso loyenera kutsatira pomwepo: zinatheka bwanji kuti valavu imodzi, itangokhudzidwa molakwika, itulutse matani 8 a poizoni? Akatswiri a chitetezo cha pantchito amasanja njira zotetezera anthu kuyambira yodalirika kwambiri. Pamwamba pali kuchotseratu mankhwala oopsawo kapena kuwasintha ndi ena ofatsa. Pansi pake pali kumanga makina mwanjira yoti munthu asakumane nawo: mapaipi otsekeka, zotchinga polumikizira mapaipi, mavalavu odzitseka okha. Kenako pamabwera malamulo a kagwiridwe ka ntchito ndi maphunziro. Magolovesi, magalasi ndi ovololo zili pansi penipeni, chifukwa zimathandiza pamene zina zonse zalephera kale. Tsoka lake, zimenezi ndi zotchipa komanso zooneka ndi maso, ndiye mabwana ambiri amayambira pomwepo n'kulekezera pomwepo. Magolovesiwonso si onse ofanana. Amene amatchinga mankhwala awa amatha kudutsidwa ndi ena m'mphindi zochepa, ndipo a nsalu kapena a chikopa amamwa mankhwalawo n'kuwagwirizira pakhungu.

Nthawi yoopsa kwambiri m'fakitale ndi pamene wina akutsegula chinthu chomwe chimakhala chotseka: kutsitsa katundu wa m'thanki, kutapa mankhwala pang'ono okayeza, kumasula paipi yoti ikonzedwe. Pa 12 Febuluwale 2014, pamalo oyengera mafuta a kampani ya Tesoro ku Martinez m'chigawo cha California, anthu awiri anapsa ndi sulphuric acid paipi yotapira mankhwala okayeza itamasuka, ndipo asidi wokwana matani pafupifupi 38 anatayika. Pasanathe mwezi umodzi, pa 10 Malichi, antchito ena awiri a kontirakitala anathiridwa asidi pagawo lomwelo akuchotsa paipi. Bungwe la boma la America lofufuza ngozi za mankhwala, Chemical Safety Board, linapeza kuti kupsa ndi asidi pagawo limenelo kunali kutachitika mobwerezabwereza m'zaka za m'mbuyomo. Pamalo pomwe anthu azolowera kupsa, bala laling'ono silidabwitsanso aliyense, ndipo paipi yomwe yalibweretsa imatsala mmene inalili.

Taonaninso amene amavulala. Miyezi inayi yokha chichitikireni ngozi ya ku Gumi, mu Januwale 2013, HF anadontha pafakitale ya Samsung Electronics ku Hwaseong, ku South Korea komweko. Amene anatumidwa kukakonza anali antchito a kampani ina yopatsidwa ganyu, ndipo mmodzi wa iwo anamwalira, anayi n'kuvulala. Boma linauzidwa mochedwa, munthu atamwalira kale. Oyendera ntchito atalowa pafakitalepo anapeza zophwanya malamulo a chitetezo zoposa 1,900. Ntchito zauve ndi zoopsa kwambiri, zotsuka mathanki ndi kumasula mapaipi, kawirikawiri zimagwera aganyu, obwera kumene ndi alendo ochokera kumayiko ena, anthu amene sawadziwa bwino malowo ndipo amaopa kufunsa. Abale athu ambiri omwe ali ku Joni, ku Durban ndi ku Cape Town ali m'gulu limeneli.

Papepala, mayiko anagwirizana kalekale. Mu 1990 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linakhazikitsa pangano nambala 170 lokhudza mankhwala a pantchito, lomwe limati wantchito ali ndi ufulu wodziwa chomwe akugwira ndiponso wochoka pamalo pomwe akuona kuti moyo wake uli pangozi. Kuyambira 2003 bungwe la United Nations lili ndi dongosolo limodzi la zizindikiro lotchedwa GHS. Chizindikiro cha mankhwala owotcha ndi kabokosi kopendekeka ka mzere wofiira, mkati mwake muli timabotolo tiwiri tikudonthezera dzanja ndi chitsulo, zonse zikudyeka. Mankhwala oopsa amayenera kubwera ndi chikalata cha magawo 16 chofotokoza kuopsa kwake. Gawo 4 limanena za thandizo loyamba, gawo 8 limanena zoyenera kuvala. Chikalata chimenechi chimayenera kupita ndi wovulala kuchipatala, chifukwa dokotala sangadziwe poyang'ana bala lokha kuti ndi HF kapena asidi wa batire. Koma chikalata cha Chingerezi chovuta, chotsekeredwa mu ofesi ya bwana, chimuthandiza bwanji munthu amene ali pa shifiti ya usiku? Chizindikiro chija nachonso chimathera pamgolo woyamba. Mankhwala akangotsanulidwira m'chigubu cha mafuta ophikira kapena m'botolo la zakumwa, palibenso chomuchenjeza munthu.

Kwathu kuno mafakitale akuluakulu a mankhwala ndi ochepa, koma mankhwalawo alipo. Magulu a amayi opanga sopo amagula kositiki, okonza mabatire amatapa asidi tsiku ndi tsiku, amisiri omanga amaponda simenti yonyowa kapena kugwadamo tsiku lonse n'kumadabwa ndi zilonda za m'maondo. Ku Zambia mathanki a sulphuric acid amayenda m'misewu ya ku Copperbelt kupita kumigodi, ndipo mu Febuluwale 2025 damu la zinyalala za asidi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia linagumuka ku Chambishi n'kuthira m'mitsinje yolowera mu Kafue, mpaka mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Malawi ali ndi lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha pantchito la 1997, komanso la chipukuta misozi cha ovulala pantchito la 2000. South Africa ili ndi lake la 1993 lodziwika kuti COIDA. Koma chipukuta misozi chimayambira pa ngozi yolembedwa. Bala la mankhwala limene silinalembedwe tsiku lomwelo chifukwa linkaoneka laling'ono limavuta kwambiri kudzalitsimikizira litakula, abwana akunena kuti munapsera kunyumba.

Ku South Korea, ngozi ya ku Gumi inasintha zinthu. Anthu a m'midzi ya Bongsan-ri ndi Imcheon-ri, omwe poyamba anauzidwa kuti akhoza kubwerera kwawo, anasamukanso ataona mbewu zikuuma, ndipo anakhala kunja kwa nyumba zawo miyezi yoposa iwiri. Zokolola za m'deralo zinatayidwa. Nyumba ya malamulo inapanga lamulo latsopano loyang'anira mankhwala, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo limalola boma kulipiritsa fakitale yochititsa ngozi mpaka 5 peresenti ya ndalama zomwe imapeza pachaka.

Amalume anga sanalandire kanthu. Ngozi yawo sinalembedwe m'buku lililonse, ndipo pomwe ankatuluka m'chipatala, pamalo pawo panali patalowa kale munthu wina. Anabwerera kumudzi, akulima mtedza ndi chimanga. M'miyezi yozizira chigamba chija chimang'ambika m'mbali, ndiye kuyambira Juni mpaka Ogasiti amayenda ndi patapata, ngakhale popita kutchalitchi.